Funsani Akatswiri: Zikope Zamafuta ndi Utoto Wothawira M'khwinya

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula za zodzola za m'maso zimene sizikhalitsa pazikope zotuluka mafuta. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndimapaka eyeshadow m'mawa ndisanapite kuntchito, koma ikamakwana nthawi ya nkhomaliro utoto wonse umakhala utaunjikana pamzere umodzi, pamene chikope chimapindikira paja. Ndagulapo yodula ndi yotchipa yomwe, zonse chimodzimodzi. Vuto ndi utotowo kapena khungu langa? *Mayi wogwira ntchito mu ofesi*

Yankho: Mayi, musawonongenso ndalama pogula eyeshadow ina, chifukwa vuto lili pansi pa utotowo. Khungu la chikope ndi lopyapyala kuposa lina lililonse pathupi, silikwana ndi milimita imodzi yomwe, komanso silikhala phee. Munthu amaphethira ka 15 mpaka 20 pa mphindi. Tikangowerengera ka 15, ndiye kuti pa maola 8 a ntchito chikope chanu chapindika ndi kutambasuka kopitirira ka 7,000, ndipo maulendo onsewo chikupindikira malo amodzimodzi. Eyeshadow ya ufa ndi utoto wosakaniza ndi zinthu monga talc kapena mica, zimene amazitsendera pamodzi ndi timafuta kapena phula pang'ono kuti zigwirane m'kabokosi. Ufawo ukakumana ndi mafuta a pakhungu umanyowa n'kuyamba kuterera, ndiye kuphethira kulikonse kumaukankhira m'khwinya muja, momwe ndi mofunda komanso khungu limakhudzana lokhalokha. Mzere umene mumauonawo ndi utoto wa chikope chonse utasonkhana malo amodzi.

Mafutawo si onse amene amachokera m'chikopemo. Ena amatsika kuchokera pachipumi pamodzi ndi thukuta, ndipo ena ambiri timawaika tokha: mafuta odzola kumaso, kirimu ya m'maso, mankhwala oteteza khungu ku dzuwa, foundation (chodzola chofananitsa mtundu wa nkhope) yotsala kuchala imene timangoipukutira pachikope, ngakhalenso mafuta ochotsera zodzola amene anatsalira dzulo usiku.

Choncho yambani ndi chikope choyera komanso chouma. Mukasamba kumaso, chiumitseni pochigunditsa thaulo mopepuka, osachikhula. Podzola mafuta anu a masiku onse lekezerani pafupa lozungulira diso, limene mumalimva mukagwira m'munsi mwa nsidze ndi pamwamba pa tsaya. Mbali ya chikope imene imayenda mukamaphethira isalandire kanthu. Dikirani mphindi 10 kuti mafutawo alowe, kenako tsinzinani, ikani tishu pachikope n'kuidinikiza pang'ono. Mudzadabwa ndi zimene zitsalire patishupo ngakhale munasamala.

Tsopano pakani primer, chodzola chimene chimayamba kupakidwa kuti utoto ugwire. Ikhale ya m'maso, osati ya nkhope yonse, chifukwa ya nkhope nthawi zambiri imapangidwa kuti isalalitse khungu ndipo pachikope imaterera. Ya m'maso imakhala ndi zinthu monga dimethicone ndi silica, komanso zina zimene zikauma zimasiya kachikuto kopyapyala pakati pa khungu ndi utoto. Mlingo wake ndi kadontho kofanana ndi mutu wa kamtengo ka machesi pa diso lililonse, basi. Ambiri amalephera pomwepa. Amaganiza kuti poti zikope zawo ndi zamafuta kwambiri afunika primer yambiri, koma primer yochindikala siuma mpaka pansi, ndipo ndiyo imayamba kuunjikana m'khwinya itanyamula utoto wonse. Ifalitseni ndi chala pogundagunda, kuyambira m'mphepete mwa chikope mpaka kudutsa khwinya pang'ono, osaiwala ngodya ya kumphuno. Mukatero yang'anani pansi masekondi 30 mpaka 60 kuti iume chikope chili chotambasuka. Mukatsegula diso msanga, primer imaumira m'khwinya ndipo mzere uja mwaupanga kale musanaike utoto uliwonse.

Pa nkhani yoika paudala pamwamba pa primer odzoletsa anthu amasiyana maganizo. Ena amati paudala imazimitsa mtundu wa eyeshadow, ndipo akunena zoona. Koma pachikope chamafuta ife timaona kuti ndi bwino mtundu uchepe mphamvu pang'ono kusiyana ndi kuti uthawe masana. Tengani paudala yopanda mtundu pa burashi yofewa, sansani yochulukayo, n'kudutsitsa kamodzi m'khwinya ndi pamwamba pake. Pakati pa chikope mukhoza kusiyapo pomata ngati mukufuna kuikapo utoto wonyezimira.

Eyeshadow yeniyeniyo muiike modinikiza ndi burashi yophwatalala, osati moseseratu uku ndi uku. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu m'malo mopaka kamodzi mochindikala, ndipo ulendo uliwonse gogodani burashi kuti ufa wosagwira ugwe. M'khwinya muziikamo utoto wosanyezimira. Wonyezimira uli ndi tizidutswa tikulutikulu timene sitigwira khungu molimba, ndipo ukaunjikana umaonekera patali chifukwa umabweza kuwala.

Funso: Anzanga amangopaka concealer pazikope ndipo zimawayendera. Ine ndikatero sipatha ndi maola awiri. Nditayesa primer, zikope zinatuwa mbuu chifukwa khungu langa ndi lakuda. Nditani? *Mtsikana woyamba kumene kudzola*

Yankho: Achemwali, anzanuwo n'kutheka kuti zikope zawo ndi zouma. Concealer, chodzola chobisa mabanga, nthawi zambiri imapangidwira m'munsi mwa diso, momwe khungu limafuna chinyezi, ndiye imakhala ndi mafuta oifewetsa kuti isasweke. Pachikope chotuluka kale mafuta ndiye kuti mwawonjezera mafuta ena. Ngati palibiretu china, sankhani concealer yosanyezimira imene imauma yokha, pakani yochepetsetsa, gundagundani ndi chala mpaka khungu lizioneka pansi pake, kenako ikanipo paudala nthawi yomweyo isanayambe kuyenda. Idzakhalitsako, koma sidzafanana ndi primer.

Kutuwako kumachokera ku primer zimene zili ndi utoto woyera, kawirikawiri titanium dioxide, umene amauikamo kuti mitundu ya eyeshadow iwale. Pakhungu lakuda utotowo umaonekera m'malo onse amene eyeshadow sinafike, makamaka m'munsi mwa nsidze. Funani primer yopanda mtundu, imene ikauma sioneka, kapena ya mtundu woyandikana ndi khungu lanu. Musanagule ipakeni kuseri kwa dzanja n'kudikira mphindi imodzi, chifukwa ina imaoneka bwino ikadali yonyowa n'kudzatuwa itauma. Imene muli nayoyo musaitaye. Ipakeni pokhapo pamene padzakhale utoto wowala monga wagolide kapena wobiriwira, ndipo pamenepo idzakuthandizani kuti mtunduwo utuluke bwino. Paudala nayonso muisamale: yoyera ya silica ikachuluka imaoneka ngati phulusa pazithunzi zojambulidwa ndi flash, ngakhale pagalasi isakuoneka. Yachikasu pang'ono kapena yofiirira ndiyo imagwirizana ndi khungu lakuda.

Funso: Khungu la m'munsi mwa nsidze zanga limagwera pachikope, moti ndikatsegula maso chikope sichioneka kwenikweni. Ndikalemba eyeliner imadinda mzere wina wakuda pamwamba. Ya m'kati mwa diso nayo imasungunukira m'ngodya. *Wowerenga wokhumudwa*

Yankho: Maso opangidwa chonchi ndi ambiri, ena ndi chibadwa, ena khungu limatsika akamakula. Vuto lake ndi lakuti khungu la pamwambalo limagona pamzere wa eyeliner nthawi yonse imene diso lili lotsegula, ndiye chilichonse chosauma chimasamukira pamenepo. Primer ndi paudala ziyenera kufika mpaka pakhungu logweralo, osati pachikope chokha, popeza mafuta amene akusungunula mzere wanu ali mbali zonse ziwiri.

Pensulo wamba wa m'maso ndi utoto wosakaniza ndi phula ndi mafuta, n'chifukwa chake amalemba mofewa, ndipo n'chifukwa chakenso amasungunuka akafunda. Inu mukufunika eyeliner yamadzi kapena ya gel imene imauma n'kugwira. Lembani mzere wopyapyala kwambiri, wotsamira kumizu ya titsitsi ta m'chikope, ndipo ngati mukufuna wokhuthala muukhuthalitse cha kungodya ya kunja kokha. Mzere wokhuthala pakati pa diso umafika m'khwinya, ndipo palibe mtundu wa eyeliner umene ungapirire pamenepo tsiku lonse. Polemba weramutsani mutu pang'ono, galasi likhale m'munsi mwa chibwano kuti muziyang'ana pansi, ndipo mukamaliza khalani choncho masekondi 30. Ngati mumakondabe pensulo, dinikizani eyeshadow yakuda pamwamba pa mzerewo ndi kaburashi kopyapyala. Ufawo umamwa mafuta a pensuloyo. Poika eyeshadow, yang'anani pagalasi maso ali otsegula kuti muone pamene utoto uonekere, n'kuukweza pang'ono pamwamba pa khwinya.

Za m'kati mwa diso, pamzere wonyowa wa m'mphepete mwa chikope kuseri kwa titsitsi, tinene mosabisa kuti palibe njira yoti utoto ukhalitse pamenepo. Ndi pomwe pali timabowo totulutsa mafuta a misozi, ndipo misoziyo imatsukapo nthawi zonse n'kukokolera utoto kungodya. Kulembapo tsiku ndi tsiku kumathanso kutseka timabowoto. Lembani m'mizu ya titsitsi ta pamwamba, kunja kwa mzere wonyowawo: diso limaoneka lakuda chimodzimodzi ndipo utoto sulowa m'misozi. Pewaninso ufa wakuda wosalembedwa zimene zilimo, wogulitsidwa ndi mayina monga kohl kapena surma. Wina mwa ufa wotere amapangidwa kuchokera ku mwala wokhala ndi mtovu, umene ndi poizoni, ndipo ku United States bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA sililola kuti ugwiritsidwe ntchito m'zodzoladzola.

Funso: Mascara yanga ndi yosachoka ndi madzi, komabe madzulo ndimakhala ndi timadontho takuda pamwamba pa chikope ndi m'munsi mwa diso. Kodi anandigulitsa yachinyengo? *Namwino wogwira ntchito maola ambiri*

Yankho: Ayi mayi, n'kutheka ndithu kuti ndi yeniyeni. Mascara (utoto wopaka titsitsi ta m'chikope) yosachoka ndi madzi imapirira misozi, mvula ndi thukuta chifukwa ili ndi phula lambiri, koma phulalo limasungunuka ndi mafuta. Paja pochotsa mascara yotere timagwiritsa ntchito mafuta. Titsitsi tikamakhudza khungu lamafuta pophethira, khungulo likuchita pang'onopang'ono ntchito yomwe mafuta ochotsera amachita usiku. Yesani ya mtundu wotchedwa tubing. Iyi imakuta katsitsi kalikonse ndi kachikuto kangati pulasitiki kamene mafuta sakasungunula, ndipo imachoka ndi madzi ofunda mukamafinya pang'ono ndi zala. Potsuka mudzaona timizere takuda tikugwa; si tsitsi lanu limenelo, ndi zikuto zija. Ikani paudala pang'ono m'munsi mwa diso ndi pansi pa nsidze, ndipo titsitsi ta m'munsi mukhoza kungotisiya osapaka. Botolo la mascara muzilisintha pakatha miyezi 3 chilitsegulireni, musalithire madzi kapena malovu likauma, ndipo musabwerekane ndi munthu.

Funso: M'malo movutika ndi primer, bwanji ndingoumitsa zikopezo? Ndili ndi toner yamphamvu komanso mankhwala a ziphuphu amene amaumitsa nkhope yanga bwino. Wina anandiuzanso zopakapo mankhwala a m'khwapa oletsa thukuta. *Wotopa ndi mafuta*

Yankho: Musayese n'komwe. Mankhwala a ziphuphu monga benzoyl peroxide, salicylic acid ndi a gulu la retinol amapangidwira khungu la pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, ndipo mapepala ake omwe amachenjeza kuti asafike m'maso. Pachikope amawotcha, khungu limafiira, kutupa ndi kusupuka, ndipo pakhungu lakuda kutupa kotere kumakonda kusiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimirire. Toner (madzi opukutira nkhope mukasamba) yokhala ndi alcohol wambiri imachita zomwezo. Mankhwala a m'khwapa amatseka timabowo ta thukuta, samaletsa mafuta, ndipo akasungunukira m'diso amalasa. Kuwonjezera apo, eyeshadow pakhungu losupuka imagwira mwa zigambazigamba, zoipa kuposa mzere umodzi uja.

Mafuta ena a pachikope diso limawafuna. M'mphepete mwa chikope, kuseri kwa titsitsi, muli tiziwalo totulutsa mafuta timene dokotala wa ku Germany, Heinrich Meibom, anatifotokoza mu 1666. Chikope cha pamwamba chili nato pafupifupi 25 mpaka 40, cha m'munsi 20 mpaka 30. Mafuta ake amayandama pamwamba pa misozi kuti isaume msanga. Tiziwaloti tikatsekeka kapena tikawonongeka, maso amauma, amamveka ngati muli mchenga, ndipo nthawi zina amangotuluka misozi yambiri, imene imakokololanso zodzola zanu.

Chimene mungachite bwinobwino ndi kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa wa nkhope, kutsuka zikope mopepuka mutatsinzina, ndi kuthana ndi mafuta a pachipumi, komwe mankhwala anu aja amaloledwa. Koma yang'anitsitsani m'mphepete mwa zikope zanu. Ngati ndi mofiira, mumayabwa, muli tizinthu tangati mfundu tomatirira kumizu ya titsitsi, mumadzuka ndi manthongo ouma, kapena mumatuluka tizithupsa pafupipafupi, limenelo si vuto la zodzola. Akhoza kukhala matenda otupitsa m'mphepete mwa chikope otchedwa blepharitis, amene kawirikawiri amayendera limodzi ndi khungu lamafuta ndi mfundu ya m'mutu. Siyani kaye kudzola m'maso, muziika kansalu koyera kofunda pazikope mphindi 5 mpaka 10 n'kupukuta m'mphepetemo mosamala, ndipo kaonaneni ndi dokotala wa maso. Diso likamapweteka, likamaopa kuwala kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, pitani tsiku lomwelo.

Funso: Ndikhala mmodzi mwa operekeza mkwatibwi, ndipo tidzadzola m'mawa kwambiri mwambo n'kutha usiku. Kodi eyeshadow ya kirimu ingandithandize? Nanga mzere ukapangika masana ndidzaukonze bwanji popanda kuyambiranso? *Woperekeza ukwati*

Yankho: Eyeshadow za kirimu zili mitundu iwiri, ndipo pooneka m'kabotolo simungazisiyanitse. Ina imakhala yofewa mpaka kalekale. Imeneyo pachikope chanu sidzafika ndi kumapeto kwa zithunzi zoyamba. Ina ili ndi madzimadzi amene amauluka n'kusiya utoto utagwira, ndipo imeneyi ndi yabwino kwambiri pazikope zamafuta. Iyeseni kuseri kwa dzanja: pakani, dikirani mphindi imodzi, tikitani ndi chala. Ikapanda kusuntha ndi yomweyo. Imauma msanga, choncho malizani diso limodzi musanayambe linalo. Pa tsiku lalitali chonchi ikani primer, kirimu yowumayo mopyapyala, kenako eyeshadow ya ufa ya mtundu wofanana pamwamba. Mankhwala opopera kumaso pomaliza kudzola, oti zodzola zikhalitse, amathandiza nkhope yonse, koma pazikope mphamvu yake ndi yochepa. Poperani mutatsinzina, botolo lili masentimita 20 mpaka 30 kuchokera kumaso, ndipo musatsegule maso mpaka ziume, apo ayi chinyezicho chidzayambitsa mzere womwe mukuuthawawo. Zonsezi muziyese tsiku lina ukwati usanafike n'kukhala nazo mpaka madzulo, kuti mudziwe ola limene zimayamba kuyenda.

Mzere ukapangika, musathamangire paudala kapena utoto wina. Ufa woikidwa pamafuta umaumbika n'kukhala zibuma. Choyamba chotsani mafuta: tsinzinani, dinikizani pepala lomwera mafuta kapena tishu imodzi yopyapyala, osapukuta. Kenako ndi chala choyera kapena kamtengo ka thonje, falitsani utoto wosonkhana uja pogundagunda kuti ubwerere m'malo amene unachoka. Mukatero m'pamene muikepo paudala pang'ono, ndi eyeshadow ngati pena payera. Muzidinikizanso pachipumi ndi pansi pa nsidze nthawi ndi nthawi mafuta asanatsike.

Funso: Popeza primer ndi eyeliner yosachoka zimagwira kwambiri, usiku ndizichotsa bwanji osakhula maso? Ndimavalanso magalasi a m'kati mwa diso. *Wophunzira*

Yankho: Yambani mwavula magalasiwo ndi manja osamba, m'mawa muziwavala musanayambe kudzola. Nyowetsani thonje ndi mankhwala ochotsera zodzola za m'maso, makamaka aja okhala ndi madzi ndi mafuta amene mumayamba mwakhutchumula. Liikeni pachikope chotsinzina masekondi 20 mpaka 30 kuti utoto usungunuke, kenako kokerani pansi mopepuka, diso lililonse ndi thonje lakelake. Zotsalira kumizu ya titsitsi zichotseni ndi kamtengo ka thonje. Pomaliza sambani kumaso ndi sopo wa nkhope kuti mafuta ochotserawo achoke, chifukwa akagona pachikope primer ya mawa sidzagwira. Maburashi a m'maso muziwachapa kamodzi pamlungu ndi sopo wofatsa n'kuwayanika chogoneka. Burashi yosachapa imanyamula mafuta a pakhungu n'kukawasiya m'kabokosi ka eyeshadow, ndipo pamwamba pa ufawo pamapangika kachikhokho kolimba konyezimira kamene sikatulutsanso utoto. Kakapangika, matanipo selotepi n'kuimatula kangapo mpaka ufa wofewa uonekerenso.